Maso a Nsomba pa Gitala Yanga

Ntchito yanga ndi yopopera penti magalimoto, ndipo ndaigwira zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Choncho munthu asandiuze kuti sinditha kusiyanitsa penti amene wadziwonongekera yekha ndi penti amene wagwiridwa ndi dzanja. Gitala yanga inkagwiridwa ine ndikachokapo, ndipo chimene sindinkadziwa n'chakuti ankaigwira ndani.

Ndinkaipanga ndekha m'kashedi kakuseri kwa nyumba, ndi thabwa la chitseko chakale. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Ine nyimbo ndimazidziwako, koma gitala yamagetsi yangayanga ndinalibe. Sindinkafuna yofiira kapena yakuda ngati za aliyense. Ndinkafuna yowala ngati galasi, yoti munthu n'kumetera ndevu.

Kuti thabwa liwale ngati chitsulo pamafunika mtima wodekha. Umayamba watseka timabowo tonse ta thabwalo, kenako n'kulikwecha ndi sandipepa wonyowa. Ukatero umapopera penti wakuda wonyezimira, n'kukwechanso ndi sandipepa wosalala kuposa woyamba uja, n'kupoperanso, mpaka wakudayo aoneke ngati madzi a m'ndowa. Pamenepo m'pamene umapopera wasiliva, pang'onopang'ono ngati nkhungu. Siliva sabisa kanthu, ndipo mdani wake wamkulu ndi mafuta. Kadontho kosaoneka n'komwe kamachititsa penti kuthawa, n'kusiya timaenje tozungulira timene ku galaja timati maso a nsomba.

Ulendo woyamba maso a nsomba atatuluka, mlandu ndinaupereka kwa kompuresa, makina opopa mpweya. Ndinaimasula, n'kuitsuka, n'kukwecha gitala yonse kuyambiranso. Ulendo wachiwiri ndinayang'anitsitsa. Timaenje tija tinali m'magulu anayi ondondozana pamwamba, ndi gulu limodzi kunsi kwake. Kompuresa ilibe zala zisanu. Tsono siliva ameneyu ndinachita kuitanitsa kutali, ndinamudikira miyezi iwiri, ndipo m'botolo munangotsala wokwana kupopera kamodzi basi.

Mwina mukuti n'chifukwa chiyani bambo wamkulu ngati ine ankawonda ndi choimbira. Nkhani yake ndi bambo anga. Iwo anali kalipentala, ndipo chiwafereni maso zaka zitatu zapitazo amakhala nafe. Sanandikhululukire kuti ndinasiya kupala matabwa n'kukagwira mfuti yopoperera. Ankati wopaka penti ndi munthu wobisa zolakwa za anzake. Atamva za gitala anangoti thabwa labwinobwino ndikuliveka chitini. Mawuwo anandiwawa, sindibisa. Ndinkafuna tsiku lina anthu adzadze pakhonde n'kumadabwa ndi gitalayo iwo ali pompo, poti maso anafa koma makutu ali bwinobwino. Ndinkafuna amve kamodzi kokha kuti mwana wawo wapanga chinthu.

Woyamba kumukayikira anali mkazi wanga, chifukwa ali ndi kansalu kake kopukutira mipando ndi polishi, ndipo chilichonse chonyezimira chikakhala pafupi naye sapirira. Ndinamufunsa mozungulira. Anandiyankha mosazungulira kuti m'kashedi monunkha ngati mmenemo sangalowemo ngakhale nditamulipira, ndipo anandifunsa ngati mphaka ndamufunsa kale.

Anatsala alamu anga, mchimwene wake wa mkazi wanga, amene amagona m'chipinda cha kumapeto. Iwo ndi ometa. M'manja mwawo simuuma mafuta a tsitsi, moti akagwira kapu mnzawo imamupulumuka. Kuntchito amapita dzuwa litakwera, ine nditachoka kalekale. Ndiponso m'mawa uliwonse ankandifunsa akumwetulira kuti, “Galasi lathu lafika pati, alamu?” Kumwetulira kumeneko ndinayamba kudana nako. Ndinakumbukira kuti nthawi ina ndinawaseka pagulu kuti amameta mutu ngati akusenga udzu. Ndinaganiza kuti mwina anasunga kukhosi.

Nditamuuza mkazi wanga anayamba waseka, kenako anakwiya, ndipo tsiku lonse ankandipatsa zinthu osandiyang'ana. Ndinazindikira kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Munthu sungamuloze chala mlamu wako wopanda umboni, iwe n'kumadyabe m'nyumba momwemo mwamtendere.

Ndiye ndinatchera msampha. Nditamaliza kupopera wakuda kachitatu, ndinawaza fumbi loyera la penti wokwecha pansi, kuyambira pakhomo la kashedi mpaka pamene gitala inkalendewera pa waya. Madzulo ndinapeza mapazi. Anali a masilipasi a alamu, aja odyeka chidendene chakumanzere, ndipo pambali pake panali mizere ngati wina amakhwekhwereza thumba. Patebulo alamuwo ndinkangowayang'ana akutafuna, iwo n'kumandisimbira za kasitomala amene anagona tulo akumetedwa. Gitala ndinaipukuta ndi mankhwala ochotsa mafuta katatu konse, ndipo kiyi amene ankakhala pa msomali kukhitchini ndinamuika m'thumba la buluku langa.

Lamlungu masana ndinapopera siliva wotsiriza uja. Nkhungu itakhazikika ndinaona zenera la kashedi likutuluka m'thabwamo, kenako denga, kenako nkhope yanga, yoipa monga mwa masiku onse koma yooneka bwinobwino. Panalibe diso la nsomba ndi limodzi lomwe. Pafupi ndi pomangira khosi la gitalayo, zenera lija linkapindika pang'ono, koma ndinadziuza kuti palibe adzaone. Chinatsala n'kudikira masiku awiri kuti aume, ndipake vanishi. Masiku awiri amenewo siliva amakhala wosakhwima, moti chala chikangomukhudza chidindo chake sichichoka.

Lolemba ndili pakati pa njira ya kuntchito, ndinagwira kiyi m'thumba n'kuima chilili. Loko wa pakashedi sindinagule. Ndinamuchotsa pa bokosi la zida la bambo, ndipo kiyi wake wachiwiri anali pa chingwe chimene iwo amavala m'khosi. Nanga amene amawameta bambo ndevu m'mawa uliwonse, n'kuwavula malaya, ndi ndani? Ndinabwerera chothamanga, anthu n'kumandipatukira.

Chitseko cha kashedi chinali chotsegula, ndipo alamu anaima pakhomo ngati mlonda. Mawu amene ndinawasungira sabata yonse anafika pakamwa. Iwo anangoika chala pamilomo.

“Musakuwe, alamu,” ananong'ona. “Mundinyoze bwino nthawi ina.”

Ndinasuzumira. Fungo linandipeza ndisanaone kanthu, fungo la mafuta otentha aja amene bambo amapaka m'zala chifukwa cha nyamakazi. Bambo anaima pafupi ndi waya, mapazi awo okhwekhwereza aja ali m'fumbi, gitala ataigwira ndi dzanja lamanzere. Chikhatho chamanja chinkayenda pang'onopang'ono pa siliva wanga, kutsetsereka m'mphepete, kubwerera, monga ankachitira ndi chitseko chilichonse asanachipereke kwa mwini wake. Paliponse pamene chinadutsa, galasi linkachita chifunga.

Ndinawakokera alamu pambali n'kuwafunsa chifukwa chake anandichita zoterezi. Anati madala anawapempha kuti aziwalowetsa m'kashedi kuyambira tsiku limene ndinadula thabwa, ndipo anawalumbiritsa kuti asandiuze. Za mafuta ankaganiza kuti ndi nkhambakamwa zanga za ku galaja. Lero anayesa kuwaletsa, powauza kuti penti ngwamuwisi.

“Ndiye anandifunsa kuti, iwe ukuiona, mwini wake akuiona, nanga ine ndiione ndi chiyani? Inuyo mukanayankha kuti chiyani, alamu?”

Bambo anali atamva kale kupuma kwanga. Sanatembenuke, ndipo sanachite manyazi.

“Wabwerera? Bwera kuno. Ndipatse dzanja.”

Anagwira chala changa n'kuchiyendetsa pafupi ndi pomangira khosi, pamene zenera linkapindika paja. Anati pali kachigwa, ndipo akhala akukapeza ulendo uliwonse, penti wanga yense uja sanakakwirire. Ndinavomera. Kenako anatsitsa chala changa m'mphepete mokhota muja, mmene ndinakhala masabata atatu ndikusema, n'kundifunsa kuti anandithandiza ndani. Ndinati ndinapanga ndekha. Chala chawo chinapitiriza kuyenda uku ndi uku.

“Ine pano ndikanalephera,” anatero. “Dzanja uli nalo, mwana iwe. Unangolibisa mu penti.”

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndinkadikira mawu amenewo, ndipo anabwera popanda khamu la pakhonde lija. Misozi inalengeza, ine n'kuthokoza kuti sakundiona. Alamu anayamba kuyang'ana kudenga ngati kuli nkhani.

“Akuti ikuwala?” bambo anafunsa.

“Ikuwala, bambo.”

“Sindinawononge kanthu?”

Ndinayang'ana gitala. Mizere ya chikhatho inadutsa pakati penipeni, ndipo kumunsi kunali chidindo cha chala chachikulu, chooneka mzere uliwonse. Botolo la siliva linali pawindo, lopanda kanthu.

“Ayi, bambo. Simunawononge.”

Lachitatu ndinapukuta mafutawo mosamala n'kupaka vanishi pamwamba pa zonsezo. Alamu ndinawapepesa, ndipo chilango chake n'chakuti tsopano amandimeta okha, pagulu, akusimba nkhaniyi ndi zowonjezera zawo. Mkazi wanga amati mphaka sindinamupepesebe.

Gitalayo imalira bwino. Anzanga a ku galaja akaiona amagwedeza mutu, n'kundifunsa kuti katswiri ngati ine ndinalola bwanji munthu kugwira siliva wamuwisi. Ena amandiuza kuti ndiitanitse botolo lina, ndikwechenso. Sindinaitanitse. Ndikaweramira kuti ndimange nsambo, ndimadziona nkhope m'menemo, chala cha bambo chili patsaya.