Malaya Opanda Mabatani

"Siya zovalazo, Ceridwen," anatero Emrys ataima pakhomo la chipinda cha malemu bambo awo, nsapato zake zikadali ndi matope a kumanda. "Ogula zitsulo abwera mawa. Chigayo chija chikugwetsedwa."

Mlongo wakeyo anapitiriza kupinda. Chigayo cha mapepala cha m'chigwa chawo chinali ndi mwambo wake kuyambira nthawi ya agogo. Mmisiri akamwalira, zovala zake ankazing'amba, kuzisinja pamodzi ndi nsanza zina, n'kuzisandutsa mapepala.

"Gudumu la madzi loyendetsa chigayo lizungulireko komaliza, achimwene. Zovala za bambo zilowe m'madzi, kenako mugulitse ngakhale mtsinje womwe."

"Titsegule madzi chifukwa cha nsanza za nkhalamba? Mapepalawo agula ndani, nkhosa?"

"Mwatsika sitima yochokera kumzinda wa Cardiff dzana, lero mwasanduka eni chigwa. Pamene bambo ankatsokomola fumbi la m'chigayo munali kuti?"

"Ndinali kumene anthu amadya! Iwe unatsala kuno kupalasa nsanza ngati nkhuku padzala, ndiye ndikuombere m'manja?"

"Nsanza zomwezo n'zimene zinakutumizani kusukulu, kumene munaphunzira kutinyoza."

Emrys anatsomphola malaya amene anali m'manja mwa mlongo wake kuti awaponye pabwalo, koma anaima. Malayawo analibe batani ndi limodzi lomwe. Anavundula mulu wonse. Jekete lopitira kutchalitchi chimodzimodzi, thalauza chimodzimodzi, ulusi wodulidwa mwaudongo.

"Wachotsa ndiwe?"

"Ine ayi." Mawu a Ceridwen anatsika. "Mlungu wathawu bambo anandipempha mpeni wawo. Ndinkayesa akufuna kusenda apulo."

Onse awiri anakula ndi lamulo loyamba limene bambo awo, a Gwilym, ankaphunzitsa aliyense wolowa ntchito: batani likalowa pamodzi ndi nsanza limabunthitsa mipeni ya makina, n'kuwononga ntchito ya anzako.

Pawindo panali kambale, mpeni uli pambali pake. Mabatani anali mmenemo, aakulu paokha, ang'onoang'ono paokha.

"Gudumulo lizungulire mawa lokha," anatero Emrys osamuyang'ana. "Mkuja ndikugwetsa chigayocho, ulire usalire."

"Gwetsani."

Pansi pa muluwo panali malaya omaliza, aja bambo ankagona nawo. Pamkono pake panalendewera kabatani, ulusi wake wodulidwa theka, pamene zala za bambo zinathera mphamvu. Emrys anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga mpeni uja, namaliza kudula, n'kukaika kabataniko pamodzi ndi ang'onoang'ono.