Kabuku Kofiira ka Mwana Mmodzi

"Kabuku kofiira kaja mudakali nako?" anafunsa a Guixiang ataima pakhomo la khitchini, pepala lili m'manja.

Fenlan sanatembenuke. Ankakanda ufa wa tirigu woti aphike mabanzi opita nawo kumanda, pakuti linali tsiku lachitatu chiikireni Haisheng, mwana wake yekhayo. Lole imene ankayendetsa inagubuduka m'mapiri a ku Shanxi, iye ali ndi zaka 34. Mwamuna wake, a Baotian, anali khale pakampando pafupi ndi chitofu, akusonkheza moto ndi zitsononkho.

A Guixiang anali akazi a mkulu wawo wa a Baotian. Kwa zaka makumi awiri ndiwo ankayang'anira zakulera mu komiti ya mudzi.

"Boma lili ndi thandizo la makolo amene mwana wawo mmodzi yekhayo wamwalira," anapitiriza. "Koma amafuna umboni woti munabereka mmodzi basi."

"Umboni." Fenlan anamenyetsa mtanda pathabwa. "Umboni si ndinu, alamu? Kawauzeni ndi pakamwa panu. Munalipo."

Analipodi. Haisheng ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, Fenlan anaima kachiwiri. Mimba itayamba kuoneka anathawira kwa azakhali ake kutsidya la mtsinje, nakabisala m'dzenje losungira mbatata. Pamudzi ponse wodziwa malowo kupatula a Baotian anali a Guixiang, amene anamuperekeza okha ndi kumunyamulira bulangete. Mwezi wachisanu ndi chiwiri a Guixiang omwewo anabweranso, ali ndi amuna anayi ndi galimoto loyera. Kuchipatala anamuchotsa mimbayo, ndipo Fenlan anangomva namwino akuuza mnzake kuti mwanayo anali wamkazi. Patapita sabata anamubweretsera shuga, thaulo ndi kabuku kofiira komuyamikira kuti ndi kholo lachitsanzo.

"Linali lamulo, Fenlan," anatero a Guixiang. "Ndikanakana ine akanabwera ena, akanasasula denga lino. Mukudziwa zimene zinachitikira banja la a Pang litakana kumvera."

"Pakhoma la sukulu munalemba ndi penti kuti berekani mmodzi, boma lidzakusamalani mukakalamba. Ndinkawerenga tsiku lililonse popita kumunda. Lero khoma lomwelo mwapakapo laimu, mwalemba kuti ana atatu ndiye zabwino. Mwezi watha ndinakuonani mukulowa nyumba ndi nyumba ndi mazira, kunyengerera atsikana kuti abereke. Miyendo yomweyo, chikwama chomwecho. Simuchita manyazi?"

"Amake Haisheng, anthu akumva panja," anatero a Baotian motsitsa.

"Amve. Inunso khalani chete monga munakhalira chete tsiku lija."

A Baotian anaweramitsa mutu. Tsiku limenelo aboma anali atawatsekera ku ofesi ya kutauni usiku uwiri, ndipo Fenlan ankadziwa. Koma mkwiyo wake sunasankhe pogwera.

A Guixiang anaika pepala patebulo. "Nditukwaneni mmene mungafunire. Koma mawondo a alamu anga atha, inu shuga wakugwirani. Chisanu chikubwerachi adzakutengerani kuchipatala ndani?"

"Akananditengera mwana wanga wamkazi. Bwenzi pano ali ndi zaka 28. Bwenzi ataima pomwe mwaimapo, akulira mlongo wake."

Anapukuta manja, nalowa kuchipinda. Anamveka akukoka bokosi pansi pa kama. Anatuluka ndi kabukuko, kakadali kofiira ngati katsopano, nalunjika nako kuchitofu. A Baotian anamugwira dzanja.

"Muli chithunzi chake."

Fenlan anatsegula. Haisheng anali mmenemo, mutu wometa, makutu otambalala, dzino lakutsogolo palibe. Anachimatula ndi chikhadabo pang'onopang'ono, nachilowetsa m'thumba la malaya. Kabukuko anakaponya pansi pafupi ndi nsapato za a Guixiang.

"Kopanda chithunzi akakakana," anatero a Guixiang.

"Akakane. Ngati akufuna kumuona, ali kumunda wa tirigu, dothi lake silinaume."

A Guixiang anawerama movutikira, dzanja lina litagwira mphuthu, natola kabukuko. Anakasasa fumbi ndi kutuluka osatsanzika.

Dzuwa litakwera, awiriwo ananyamula dengu ndi mapepala ofanizira ndalama okawotcha pamanda monga mwa mwambo. Fenlan anali patsogolo, akuyenda mothamanga ngati pali amene akumulondola. Atafika pamphambano ya ngalande, a Baotian anakhotera kumanzere.

"Manda ali uku. Mwasokonezeka?"

"Tabwera kaye."

Kumapeto kwa munda wawo, pansi pa mtengo wakale, panali mwala waphanthiphanthi. Fenlan anali ataudutsa kambirimbiri, ankangoti ndi wa malire. A Baotian anagwada, mawondo akulira, nautembenuza. Pansi pake panali chitini cha mabisiketi chochita dzimbiri, chokulungidwa m'pulasitiki.

"Pano sipanaikidwe munthu," anatero. "Anasankhapo yekha Haisheng ali ndi zaka khumi. Ankati mlongo wake akhale ndi poti n'kumuchezera. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuze, ati ungadwale."

Fenlan anakhala pansi pamzera, natsegula chitinicho. Pansi penipeni panali maswiti osungunuka ndi timaliboni ta m'tsitsi ta mwana wamng'ono, totuwa. Pamwamba pake mapensulo, kenako kagalasi, chipeso cha mtengo, ndolo zotchipa za m'misika ya m'mbali mwa msewu. Zinkakula monga akanakulira mwiniwake.

"Ulendo uliwonse wautali ankabwera ndi kena kake," anatero a Baotian. Anapisa m'thumba la jekete, natulutsa kampango kabuluu kakadali m'pepala lake la m'sitolo. "Aka kanali m'chikwama chimene apolisi anatibwezera."

Fenlan anakalandira. Anakang'amba pepala ndi mano, nakayala pabondo, nakapinda bwinobwino kanayi monga ankapindira malaya a Haisheng akamanyamuka. Anakaika pamwamba pa zinazo, natseka chitini, ndipo awiriwo anathandizana kubwezera mwala pamalo pake.