Dontho la Nicanor

Woweruza sanataye nthawi ndi a Fulgencio. Minibasi yawo inali itagwera m'ngalande pamsewu wa ku Baní, iwo fungo la mowa wa ramu lili guu, mwamwayi osavulaza munthu. Anawauza kuti asankhe: ndende, kapena chithandizo choti asiye mowa. Akadzangolawako, ndende yomweyo, laisensi aiwale.

Anasankha chithandizo, koma mtima unali kwina. Kumeneko ankakhala mozungulira pamipando yapulasitiki, kumwa khofi wopola, aliyense n'kumaulula zake ngati kutchalitchi. A Fulgencio ankangokumbuka Nicanor, kondakitala wawo amene anamwalira. Amene uja ankalendewera pachitseko n'kumaimba, mawu ngati a mbuzi, okwera n'kumaseka mpaka misozi. Akaweruka, ankakhala pagolosale ya mayi Altagracia, timatabwa ta masewera a domino tikulira patebulo, botolo likuzungulira. Ankawasowa masiku amenewo, ndipo sankabisa.

Chimwalirire Nicanor, botolo lililonse ankatsegula ndi a Fulgencio, n'kuthira dontho loyamba pansi kuti womwalirayo alaweko. Ichi n'chimene chinkawapweteka. Akasiya mowa, mnzawoyo amukumbukira ndani?

Tsiku lokumbukira imfa yake litafika, madalaivala anasonkhana pagolosale paja. A Fulgencio ankati angodutsa, koma Evaristo, dalaivala wapakamwa, anawagwira mkono.

"Abusa afika! Tabwerani, achimwene. Nicanor wauma kukhosi, inu muli pa khofi."

"Ndisiye, iwe. Ukudziwa zimene ananena woweruza."

"Woweruzayo ali pano? Tsegulani, mwambo ndi mwambo."

Botolo linafika m'manja mwawo. Atatsegula, fungo lija linawalowa mpaka m'mafupa, malovu n'kudzaza m'kamwa. Anapendeketsa botolo, dontho n'kugwa pafumbi. Evaristo anatambasula dzanja ndi kapu.

Koma a Fulgencio sanaliwongole botololo. Ramu anapitiriza kukhuthukira pansi.

"Mwapenga kodi, mdala?" anakuwa Evaristo. "Womwalira samwa chonchi!"

"Ameneyu ankamwa chonchi," anatero mayi Altagracia ali kuseri kwa kauntala, akupukuta m'maso.

A Fulgencio anagwedeza botolo mpaka litauma, n'kuyang'ana pafumbi ponyowapo.

"Imwa ndi gawo langa lomwe, mnzanga," anatero chapansipansi. "Iwe sukuyendetsa mawa."