Zipsera za Chikopa

Bambo anga amandipweteketsa mutu, kunena zoona. Zaka makumi atatu akhala akufufuta zikopa ndi mankhwala obiriwira aja, oti ukawataya m'ngalande ngakhale achule amasamuka. Manja awo anatha, ming'alu yokhayokha, zikhadabo zinathothoka kalekale. Ine ndiye ndinakakamira kuti tiyambe kufufutira makungwa a mitengo. Miyezi isanu ndikununkha ngati tonde, mpaka ndinapeza mayi ena ogula zikwama zotumiza kunja. Oda yawo ikatheka, mgolo wa mankhwala titaya. Ikakanika, bambo abwereranso kuviika manja momwemo.

Mayiwo ananenetsa pafoni kuti akufuna chikopa chosapaka kanthu. Poluma nkhupakupa, pokanda waya waminga, zonsezo zizioneka, ati makasitomala awo amakonda zotero. Ndinawauza bambo kawiri. Anangoti mmm.

Tsiku loti mayiwo abwere, ndinathamangira kumsika kukagula zipi. Pobwerako ndinamva fungo la polishi ndisanalowe n'komwe. Zikwama zonse khumi zokawaonetsa zili ndandanda patebulo, zakuda bii, zikuwala ngati nsapato za wapolisi. Bambo ali poteropo ndi burashi m'manja, akumwetulira. Ati mlendo sumuonetsa mabala, ng'ombe ingatichititse manyazi kunja.

Mayiwo atafika ananyamula chikwama chimodzi, kununkhiza, kupititsapo chala, chalacho n'kuda. Anati zoterezi ali nazo kale mbwee, ndidzawaimbire ndikadzakhala ndi zina. Pampando sanakhalepo.

Ndinawakalipira bambo anga ngati mwana, ine amene sindinawayankhepo mwano chibadwire. Ndinawafunsa ngati makutu anawaviika mumgolo pamodzi ndi zikopa. Zipserazo ndiye malonda ake, anthu akufuna kuziona, bambo n'kukazikwirira ndi polishi!

Anandileka mpaka mpweya unandithera. Kenaka anaika burashi pansi n'kutambasula manja awo pamaso panga, manja omwe amawalowetsa m'thumba nthawi zonse kukabwera alendo.

"Zaka zonsezi ndimabisa awa kuti ogula asanyansidwe," anatero. "Ndiye ukuti zipsera za ng'ombe zokha ndi zimene akufuna kuona?"

Ndinapita kuseri kukaviika zikopa zina m'makungwa, kuyambiranso poyamba. Ndisanabwerere m'nyumba ndinatenga hamala, chivundikiro cha mgolo wa mankhwala uja ndinachikhomera misomali isanu ndi umodzi.