Galasi la Sista Annie

"Musagwedezeke, mayi. Azizila chabe mafutawa, saluma," anatero Sista Annie, akundipaka pamimba zinthu zoterera ngati therere.

Ndinagwira m'mphepete mwa bedi ndi manja onse awiri. Pambali panga panali bokosi lotuwa lokhala ndi galasi kutsogolo, lofanana ndi wailesi ya kanema imene ndinaionapo m'sitolo ina ku Kasungu. Chingwe chake chinathera pa kachinthu konga chidutswa cha sopo, ndipo Sista anakanikiza kachinthuko pansi pa mchombo wanga. Ine maso sanali pagalasi ayi. Ndinkayang'ana chingwecho, kuti ndione ngati magazi anga ayamba kukweramo.

Zimenezo ndizo zinkanenedwa kwathu ku Magodi m'chaka cha 1996, makinawo atangofika pa chipatala cha mishoni. Ena ankati amayamwa magazi. Ena ankati mwana akaonedwa asanabadwe amachita manyazi n'kubwerera kumene akuchokera. Ine Yunike, mkazi wa Danwell, wobadwira kutsidya kwa malire, chibadwire sindiugwira mtima ndikamva za chinthu chachilendo. Ndili mwana ndinaphwasula wotchi ya bambo anga pofuna kuona chimene chimagogoda m'katimo. Choncho tsiku la sikelo, Sista atafunsa woti ayambe, amayi anzanga anazolika mitu, ine ndinaimirira.

"Yang'anani kuno, osati ku nthambo," anatero Sista, akuseka.

Poyamba ndinangoona utsi wokhawokha. Kenako chala chake chinaloza kanthu kakang'ono kakugunda msangamsanga ngati pakhosi pa chule.

"Ndi mtima wake."

"Wa mwana? Nanga iyeyo akutiona?"

"Iyayi."

"Akumva zimene tikulankhulazi? Nanga mdima uwu ndi chiyani?"

"Ndi madzi amene asambilamo. Imwe mayi, mafunso!"

Koma kuseka kwake kunayamba kuzirala. Anayendetsa kachinthu kaja kumanzere, n'kukabweza kumanja, n'kubwereza. Kenako anandigwira dzanja n'kuliika pa nthiti yanga.

"Mutu uli apa. Miyendo ili uku. Mwana wagona chopingasa, monga mtengo wotsekela pakhola. Ena amatembenuka okha, koma masiku anu asendela. Uyu ni woyamba?"

Sanali woyamba. Woyamba sanalire. Ndinamubereka kunyumba, m'manja mwa azamba a m'mudzi ndi apongozi anga aNyaZimba, amake Danwell. Dzuwa linatuluka n'kulowa, n'kutulukanso, mwana osabwera. Pamenepo apongozi anagwada pafupi ndi khutu langa. "Tchula, mkamwana. Tchula amuna amene unayenda nawo, mwana apeze njira." Ndinalibe womutchula. Mwana anatuluka atatsirizika kale. Palibe amene ananenanso za nkhaniyo, koma ndikafika pa mjigo macheza ankadukiza, ndipo apongozi anasiya kulandira madzi akumwa ochokera m'manja mwanga.

"Sista, kodi woyamba uja anagonanso chonchi?"

"Siningadziwe, sininamuone. Koma ichi chili pagalasi si mlandu wa munthu. Pitani mukatenge bulangeti na mapoto, mubwele mukhale ku chidikilo, nyumba ya amayi oyembekezela. Nthawi ikakwana tizakupelekani ku boma kuti akakuchiteni opaleshoni."

Kunyumba ndinawapeza apongozi atakhala pamphasa, akuswa mtedza wambewu. Danwell ankamata chubu cha njinga. Ndinagwada chapatali n'kufotokoza zonse.

"Yayi," anatero apongozi, osadzutsa mutu. "Kwathu kuno mkazi sang'ambidwa ngati thumba la chimanga. Mwana amadziwa njira yake ngati mayi wake alibe chobisa."

Danwell anaviika chubu m'beseni, n'kumayang'anitsitsa thovu ngati kuti moyo wake wonse uli m'menemo.

"Amama, ndamuona ndi maso angawa. Wagona chonchi." Ndinapingasa mkono pamimba.

"Wamuona iwe? Mimba ili ndi zenera?"

"Ndaona ngakhale mtima wake ukugunda."

Zala zawo zinaima. Chikoko cha mtedza chinakhala m'manja chosasweka.

"Nkhope imaoneka?"

"Pang'ono."

"Wafanana ndi yani?"

Pamenepo ndinazindikira kuti funsolo linali ndi mano, komanso kuti pansi pa manowo panali njala yofuna kudziwa yofanana ndi yanga. Ndinati, "Tiyeni mukaone nokha."

"Ndipita," anatero. "Ndikaone bodzalo pamene lagona."

M'mawa mwake tinanyamuka, ine pa kaliyala ya Danwell, apongozi pansi, atakana kukwezedwa ndi wina aliyense. Chipatalacho iwo anali asanachiponde kwa zaka zambiri, ndipo pa geti penipeni anaima n'kuyamba kuunguza. Makoma anali atapakidwa laimu. Padenga la wodi ya amayi panali magalasi akuda a sola. Kuseri, pamene kale odikirira odwala ankagona pansi pa mitengo ya mango, panali nyumba yatsopano ya njerwa zootcha, utsi ukutuluka m'khitchini mwake.

Bambo wina wa jekete lalikulu kuposa mapewa ake anatiyandikira. Anali a Robson Mtonga, mphunzitsi wopuma, amene anthu anawasankha kukhala mu bodi yatsopano yoyendetsa chipatalacho. Aliyense wolowa pa geti ankamugwira ngati mlendo wobwera kudzayendera ntchito.

"Monire, amama. Muli uli?"

"Nili makora. Zingwe izi n'zotchera mbewa?"

Apongozi ankaloza bwalo lina lolambulidwa bwino, lokhomedwa zikhomo ndi kumangidwa zingwe mopingasana.

"Imeneyo ndi fiyeta yathu, chipinda cha opaleshoni," anatero a Mtonga, chifuwa chili patsogolo. "Njerwa aumba a ku Kapichila, mchenga atuta a kwanu ku Magodi. Mvula ikatha tiyamba maziko. Pambuyo pake tikufuna wodi ya ana, ndi thanki ya madzi pamwamba apo."

Apongozi anadumpha chingwe chimodzi n'kukaima pakati pa zikhomo ziwiri.

"Amama, mwaima pakhoma."

Anasuntha.

"Apo ndi posambira m'manja adokotala."

"Nanga pong'ambira anthu ndi pati?"

A Mtonga anawatsogolera pakatikati. Apongozi anaima pamenepo, nayang'ana kumwamba kopanda denga, kenako pansi pomera chisoso.

"Ndiye amene wadwala lero agone pa chisoso apa kudikira njerwa zanu?"

"Yayi, amama. Tili ndi wailesi yolankhulirana ndi ku boma. Tikaitana, adokotala amakonzeka, galimoto yathu n'kunyamuka. Kale tinkatuma munthu pa njinga."

"Hmm," anatero apongozi. Kwa iwo limenelo linali yankho lalitali.

M'chipinda cha Sista Annie anakana mpando. Anayamba ayendera bokosi lija kuseri, nagwira chingwe, nachinunkhiza. Sista atandipaka mafuta aja, anasendeza nkhope yawo pafupi ndi galasi mpaka mpweya wawo unachita nthunzi pamenepo. Sista anawaonetsa mutu, msana wonga mkanda wa mikanda yoyera, ndi timiyendo. Mwana anatukula dzanja n'kuliika kukamwa.

"Akuyamwa chala!" anafuula apongozi. Mawuwo anawapulumuka. "Danwell ankatero."

"Manje onani njila yotulukila, amama," anatero Sista. "Ili pansi apa. Mwana ali uku, chopingasa. Angapite bwanji?"

"Ngakhale mayi wake atatchula?"

"Atchule chani? Olo atchule mudzi wonse, phewa silingapite pamene pafunika mutu."

Apongozi anayang'ana galasilo nthawi yaitali, kenako anatuluka. Ndinaganiza kuti abwerera kumudzi. Koma madzulo, ndikuyala mphasa ku chidikiro, ndinawaona akulowa ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Anautula pakhomo, nauza Danwell kuti akatenge ufa ndi nyemba, iwo atsala.

Tinakhala kumeneko mpaka mwezi unasintha. Sitinkacheza kwenikweni. Iwo ankaphika, ine n'kumadya. Koma tsiku lililonse la sikelo ankapezeka pakhomo la Sista Annie, akusuzumira mimba za eni, mpaka amayi ena amene ankaopa anayamba kulowa chifukwa choona gogo akutsutsana ndi makina. Mwana wanga sanatembenuke. Tsiku limene Sista anasankha, a Mtonga anafuula mu wailesi ngati kuti ku boma kulibe makutu, ndipo galimoto inatitenga dzuwa lili pamutu, apongozi atandigwira mapewa m'mabampu monse. Nditatsitsimuka, ndinamva kulira kwa khanda pambali panga. Anali mtsikana. Danwell anamutcha Lukundo.

Pobwerera tinadzera ku mishoni kuti Sista aone chilonda. Pabwalo la zikhomo paja anthu anali atayamba kutula njerwa, a Mtonga akuloza uku ndi uku. Sista anandiyeza, nanyamula Lukundo, namusekerera, kenako anati tikhoza kupita. Ine ndinaimirira. Apongozi sanaimirire.

"Mkamwana, tseka chitseko."

Ndinatseka.

"Inenso anandifunsa," anatero, akuyang'ana manja awo. "Pa mwana wanga woyamba, mkulu wake wa Danwell amene simunamumvepo. Ndinali kamtsikana. Anandifunsa, anandifunsa, mpaka ndinatchula dzina la munthu wina wogula ng'ombe amene ndinangomuona akudutsa pamsewu. Ndinkafuna andisiye. Mwana anafabe. Amuna anga, awisi Danwell, anapita kumanda akukhulupirira dzina limenelo."

M'chipindamo munangomveka Lukundo akufwenthera. Ine ndinasowa poyang'ana. Zaka zonse zija ndinkawaona ngati mwala.

Kenako anatembenukira kwa Sista.

"Galasi lako limaona za nkhalamba?"

"Limaona, amama. Koma mulibe mwana mmenemo."

"Ndikudziwa. Ndikufuna ndione pamene ankagona."

Sista anandiyang'ana, n'kundipatsa mwana. Apongozi anavula nsapato zawo za pulasitiki, naziika bwinobwino pansi pa bedi, nakwera movutikira. Anamasula chitenje okha. Mimba yawo inali yofota, yamizeremizere ngati munda wokolola kale. Mafuta atawakhudza anatsinzina, koma sanadandaule.

Pagalasi panabwera utsi uja. Sista anafufuza, nakanikiza, nafufuzanso, mpaka anaima pa kanthu kotuwa, kosagunda, kochepa ngati peyala losakhwima.

"Ndi ichi chibelekelo chanu."

Apongozi anadzutsa mutu, natsamira chigongono.

"Kameneka?"

"Kameneko."

"Kachepa chonchi? Onse aja anakwanamo bwanji?"

Apongozi anatambasula dzanja, nakhudza galasilo ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, monga mmene munthu amasisitira tsaya la khanda logona. Panja njerwa zinkagwa imodziimodzi kuchokera m'ngolo. Sista anafuna kuchotsa kachinthu kaja, koma apongozi anamugwira pamkono.

"Dikira, mwana wanga," anatero. "Sindinamalize kuona."