Sajeni Pachithunzi cha Chinkhoswe

Binwell sanafune kuti galu akhale nawo pachithunzi, ndipo chifukwa chake ankachidziwa yekha. Chithunzicho chinali chopita ku Ntcheu, kwa makolo a Triza, kuti amuone mkamwini wawo tsiku la chinkhoswe lisanafike. Bambo ake a Triza, a Yesaya, sakanatha kubwera ku Lifuwu kudzamuona okha, pakuti mwendo wawo wakumanja unadulidwa pansi pa bondo. Amene anayambitsa bala lomwe linadulitsa mwendowo anali galu yemweyu, Sajeni, woyera, wa banga lakuda padiso ndi khutu limodzi lodulika. Binwell ankadziwa kuti a Yesaya akangomuona galuyo, ukwati wathera pomwepo.

Triza sankadziwa kalikonse. Anali mphunzitsi pa sukulu ya pulaimale kufupi ndi sikimu ya mpunga, ndipo boma linamutumiza kuno chaka chija anthu anavotera zipani zambiri. Triza anamupeza Binwell ali mlimi wa ndevu zake, wosalawa mowa, wosakonda kukamba za kumene anachokera. Mkazi wina akanachita naye mantha mwamuna wotseka pakamwa chotero, koma Triza ankati ndi ulemu. Kunena zoona, iye anayamba kukonda galu asanakonde mwini wake. Sajeni ankamuperekeza kusukulu m'mawa uliwonse, n'kukagona pansi pa zenera la sitandade 4 mpaka belu lomaliza.

Zaka zinayi m'mbuyomo ndevu zija kunalibe. Binwell anali mmodzi mwa anyamata aja ankaima pakhomo la msika kufunsa anthu khadi la chipani. Anzake ankanyamula zibonga, iye ankagwira unyolo wa Sajeni. Tsiku lina, pamsika wa m'mbali mwa msewu ku Ntcheu, bambo wina wogulitsa mbatata ya kachewere anati khadi waliiwala m'jekete ina kunyumba. Anyamatawo anaseka, namuuza Binwell kuti awakumbutse achikulirewo. Iye sanamenye munthu, sanatukwane munthu. Anangotambasula zala, unyolo n'kugwa. Zinthu zitatembenuka m'dziko, anthu atayamba kuwafunafuna anyamata aja, anathawira kunyanja kuno kwa msuweni wake. Malaya a ntchitoyo anawatentha, koma galu analephera kumutaya. Kawiri konse anamusiya panjira, kawiri konse anamupeza atagona pakhomo.

Za a Yesaya anazimva atafunsira kale mbeta. Triza anaikamba nkhaniyo akuchotsa nkhupakupa m'makutu mwa Sajeni, mutu wa galuyo uli pamiyendo pake. Anatchula msika, anatchula chaka, anatchula jekete. Triza nthawiyo anali ku koleji ya aphunzitsi ndipo sanaone kanthu, bambo akenso sankafuna kuikamba. Chomwe ankadziwa n'chakuti analumidwa ndi galu, anthu anaopa kuwanyamula, ndipo pofika kuchipatala bala linali litawola. Binwell akanaulula tsiku limenelo, mwina zikanapita kwina. Koma iye ankamukonda kwambiri mkaziyo, ndipo anali wamantha, monga amakhalira ambiri mwa anthu ozolowera kuopedwa.

Loweruka la chithunzi, Binwell analawirira kumumangirira Sajeni kuseri kwa nkhokwe ndi chingwe cha khonje. Anavala jekete yobwereka ndi tayi yomwe inkamutsamwitsa. Triza anabwera atavala chilundu chobiriwira, tsitsi ataluka dzulo lake, nasankha malo pamtunda pa ngalande yaikulu kuti kumbuyo kuoneke mpunga. Ankafuna kuti kwawo adziwe kuti sakukwatiwa ndi munthu wa njala. Wojambula anali a Idi a ku Senga Bay, bambo wamtali wa mkanjo woyera amene ankayendera njinga m'midzi, kamera ili m'kachikwama kachikopa. Atangowaimika awiriwo, phewa ndi phewa, kunatulukira Sajeni akuthamanga m'mbali mwa ngalande, chidutswa cha chingwe chikukwekwereka kumbuyo. Anafika n'kudzigwetsa pamapazi a Triza.

A Idi anabwerera m'mbuyo atagwira mkanjo wawo. Anafotokoza mwaulemu kuti iwo galu samuda, koma malovu ake akakhudza chovala ayenera kukachapa asanapite kumzikiti ku swala ya masana, ndipo ku Senga Bay si pafupi. Binwell anaona ngati Mulungu wamutsegulira khomo. Anagwirizana nawo msangamsanga, nati galu pachithunzi cha chinkhoswe ndi chipongwe kwa akuluakulu, anthu a ku Ntcheu adzati mkamwini wawo ndi wozerezeka. Anatola mwala kuti amuthamangitse, chinthu chomwe sanachitepo. Sajeni anangomuyang'ana, osasuntha.

"Tayani mwalawo, a Binwell," anatero Triza. "Amene anatidziwanitsa ndi ameneyu. Nkhoswe yathu yoyamba ikhale kunja kwa chithunzi?"

Anatero akuseka, koma Binwell ankamudziwa. Triza akafuna chinthu ankaseka choncho mpaka chichitike. Kukakamira kwambiri kukanabweretsa mafunso, ndipo mafunso ndi amene ankawaopa kuposa china chilichonse. Anagwirizana zojambula zithunzi ziwiri, china cha iwo okha, china ndi galu. Pa choyambacho anamuthamangitsira Sajeni kuseri kwa njinga, Binwell n'kuima chilili ngati ali kumaliro. Pa chachiwiri a Idi anaimira patali nawauza kuti amugwire galuyo asasunthe. Triza anagwada namukumbatira m'khosi. Sajeni anatembenuza mutu kuyang'ana kamera, banga lakuda ndi khutu lodulika zili poyera ngati wachita kuuzidwa. A Idi anati filimu imakatsukidwa ku Lilongwe, adikire masabata awiri.

Masabata awiriwo Binwell anawatha akupanga nzeru. Sukulu zinkatseka Lachisanu, ndipo Triza anati adzanyamuka Lamlungu. Binwell anaganiza zokafika kwa a Idi Lachisanu m'mawa, kutenga zithunzi zonse ziwiri, cha galucho n'kuchiponya m'ng'anjo, podzafika n'kunena kuti chinapsa potsuka. Nzeruyo inkaoneka yabwino moti anayambanso kudya. Lachisanulo anapalasa njinga mpaka ku Senga Bay, nawapeza a Idi pakhonde akupukuta kamera, pafupi ndi matandala oyanikapo usipa. A Idi anadabwa kumuona. Anati dzulo lake anali kusukulu kuja kukajambula ana a sitandade 8, ndipo zithunzizo anawapatsa aphunzitsi m'manja. Anawonjezera kuti cha galucho chinatuluka bwino kuposa zonse za mufilimuyo, iwonso akuvomereza.

Binwell anapalasa njinga pobwerera mpaka tcheni chinaduka, mtunda wotsalawo n'kuyenda pansi akukankha. Kunyumba anapeza envelopu pansi pa chitseko. Munali chithunzi cha iwo awiri okha ndi kakalata ka Triza. Anati wapeza galimoto ya mpunga yopita ku Salima ndipo sanafune kuitaya, chithunzi ichi wamusiyira, chinacho watenga chifukwa ndi chomwe akuoneka ngati munthu wokondwa. Anamaliza ndi kumupempha kuti asaiwale kumusambitsa Sajeni.

Anakhala pakhonde dzuwa litapendeka, kalata ili m'manja, galu atagona pambali pake. M'maganizo mwake ankawaona a Yesaya akulandira chithunzicho, akuchiyandikitsa kumaso, nkhope ikusintha. Iye mwini sankaopa kuzindikiridwa, pakuti munthu amene wagwetsedwa pansi saona nkhope ya wogwira unyolo, amaona mano. Ndiye panabwera nzeru yachiwiri, yoipa kuposa yoyamba ija. Adzanena kuti galuyo anachita kugula ku Khombedza kwa munthu wina wochokera ku Ntcheu, mbiri yake osaidziwa. Adzanena kuti anthu amutsina khutu sabata yomweyi kuti ndi amene analuma a Yesaya, ndipo atangomva, mtima unamuwawa chifukwa cha apongozi ake mpaka wamupha. Ndani angakane mkamwini amene wapha galu wake pofuna kulipsira apongozi?

M'mawa mwake anasakaniza mankhwala a makoswe ndi usipa wokazinga, naika m'mbale ya Sajeni kuseri kwa nyumba. Galuyo anadya akugwedeza mchira, nanyambita mbale mpaka kuyera. Binwell ankaganiza kuti zichitika msanga, koma ayi. Sajeni anazungulira bwalo akusanza, miyendo yakumbuyo ikukana, kenaka anadzikoka pamimba mpaka pomwe mbuye wake anakhala, natsamiritsa mutu paphazi lake. Anapuma movutika mpaka dzuwa litakwera. Binwell analira ngati mwana, ndipo misoziyo inali yeniyeni, pakuti pa zamoyo zonse za pansi pano ndi galu yekhayu amene ankamudziwa yense n'kumamukondabe. Anamukwirira kudimba pansi pa mtengo wa mango. Masiku otsatirawo anawatha akubwereza mawu ake aja m'munda, mpaka iye mwini anayamba kumuona munthu wa ku Khombedza uja, chipewa chake ndi nsapato zake zomwe.

Triza anabwera Lachinayi masana. Binwell anamuonera patali akutsika panjinga ya hayala, nasenza thumba pamutu, akuyenda pang'onopang'ono. Sanakweze dzanja ngati kale. Nkhope inali yakugwa, maso ofiira, milomo youma. Binwell anati basi, zadziwika. Anaganiza kuti ndi bwino ayambe ndi iye mkaziyo asanatsegule pakamwa, choncho anamuchingamira pabwalo asanamupatse n'komwe moni.

"Usavutike kundiuza, Triza, ndamva kale. Galu amene analuma bambo ako ndamupha. Ine sindinkadziwa, ndinachita kugula."

Anapitiriza monga anakonzekerera, za Khombedza, za munthu wa chipewa, za anthu omwe anamutsina khutu. Mawu ankatuluka mwadongosolo ngati mwana akulakatula pamaso pa aphunzitsi. Triza anatsitsa thumba lija pakhonde pang'onopang'ono, nakhala pansi pambali pake. Anayang'ana pabwalo ponse, kuseri kwa nkhokwe, pansi pa thandala la mbale.

"Mwapha Sajeni?" anafunsa motsitsa mawu.

Binwell anavomera ndi mutu. Triza analankhula ngati akuuza khoma. Anati wakhala akusanza m'basi kuchokera ku Golomoti, malungo amuyamba. Anati bambo ake saonanso, ng'ala yatseka maso onse awiri chiyambire Isitala, ndipo kwawo anamubisira kuti asade nkhawa. Chithunzicho anachigwira chozondoka, akuchisisita ndi chala, amayi ake n'kumawafotokozera za jekete, za ndevu, za mpunga wa kumbuyo. Atamva kuti pali galu anangofunsa ngati ali wonenepa. Anavomera ukwatiwo, anauza amalume ake a Triza kuti akonzekere Loweruka lachiwiri la mwezi wamawa, ndipo thumba ili ndi kachewere wa m'munda mwawo amene atumizira mkamwini.

Binwell anafuna kuseka, kunena kuti ndiye kuti anthu anamunamiza, koma Triza anayamba ndiye kulankhula.

"Ine sindinakuuzenipo kuti galuyo anali wotani," anatero Triza, "chifukwa nanenso sindidziwa. Inu mwadziwa bwanji?"

Binwell anabwereza za ku Khombedza zija, koma nkhaniyo inali itatha mphamvu. Triza anafunsa dzina la wogulitsayo, anafunsa mayina a anthu omwe anamutsina khutu, modekha, monga amafunsira mwana amene wabwera ndi yankho loona njira yake osaidziwa. Kenaka anamukumbutsa zomwe anamuuza yekha ndi pakamwa pake, kuti Sajeni anamulera kuyambira ali kamwana kosatsegula maso, akumumwetsa phala ndi chala.

"Tsiku limenelo unyolo anagwira ndani, a Binwell?"

Binwell anayang'ana manja ake, nayenso Triza anawayang'ana. Sanalire, sanakuwe, ndipo Binwell akanakonda akanamumenya ndi mpini. Anangofunsa pomwe anamukwirira galuyo. Atamulozera, anapita yekha kudimba, naima pansi pa mango uja kanthawi, dzanja lili pakamwa. Pobwerera sanakwere pakhonde. Anaima pabwalo, namanga bwino chitenje chake.

"Bambo anga akudikira mkamwini," anatero. "Ine sindikawauza. Mupite nokha mukawauze. Musaope, saona."

Anatembenuka nalowera njira ya kunyumba za aphunzitsi, akuyenda mogwira mimba. Binwell anamuyang'ana mpaka anakhota pa ngalande. Ku Ntcheu sanapite. Thumba lija analilowetsa m'nyumba kuopa mbuzi, naliika pakona. Sanathe kudya kachewereyo, sanathenso kumutaya kapena kupatsa munthu, ndipo pofika Loweruka lachiwiri la mweziwo anali atayamba kumera m'thumba momwemo.