Pasiwedi ya Lyness

Keith anafika ku Manyamula kunja kutada kale. Minibasi inamusiya ku Mzimba Boma. Kuchokera apo, wakabaza wa njinga yamoto anamugwedeza mumsewu wafumbi mpaka miyendo kuchita dzanzi. Sanamuuze Lyness kuti akubwera. Ankafuna adzionere yekha.

Keith anali mwana wa ku Ndirande. Ankagulitsa mafoni akale. Lero Karonga, mawa Mchinji. Sankakhalitsa malo amodzi. Lyness, chibwenzi chake, anali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo anamutumiza kuno chaka chatha. Masiku ano ukamuimbira madzulo yankho linali limodzi: "Ndikuwerenga ndi a Zondwayo, ndikuimbira." Dzulo a Zondwayo. Dzana a Zondwayo.

"Nyumba ya madamu ndi iyo," anatero wakabaza, akuloza kababu ka sola.

Pakhonde panali mitu iwiri, laputopu imodzi. Ankaseka. Ankaseka m'Chitumbuka. Lyness wa ku Chilomoni uja, Chitumbuka anachiphunzira liti?

"Odi," anatero Keith.

"Keith! Iwe! Osanena bwanji?" Lyness anadumpha n'kumukumbatira. Fumbi la pajekete linamupaka bulawuzi.

Mwamunayo anaimirira. Wamtali, nsapato zopolisha, m'mudzi wafumbi ngati uno.

"Alamu! Monile, monile. Ndine Zondwayo, ndimaphunzitsa ku sekondale uko. Za inu timamva chomene."

"Za inunso timamva," anatero Keith.

Awiriwo ankachita digiri ali pantchito, ku koleji ina ya ku Mzuzu. Kukoleji ankapitako patchuthi pokha. Mabuku ambiri ankawapeza pa intaneti, m'nkhokwe za laibulale ya koleji. Kwa Zondwayo netiweki sinkagwira. Pakhonde la Lyness inkagwira. Lyness anamufotokozera Keith choncho, ngati kuti wafunsa.

"Taona," anatero Lyness, akumutembenuzira laputopu. "Ndikalemba mawu apa, zimabwera zimene akatswiri anafufuza. Ku Kenya, ku Zambia, konse. Ine ndikulemba za ana a sitandade wani amene kunyumba amayankhula Chitumbuka, m'kalasi n'kumakumana ndi Chichewa. Ndipereka Lachisanu. Lero ndi mawa ndikufuna ndikopere zotsala."

"Si Google yomweyo?"

Zondwayo anaseka. "Alamu, Google ndi kaunjika, mumangovundula. Umu ndi m'shopu, zonse zili pa hang'ala."

Lyness anasekanso. Keith sanaseke. Kaunjika ankamudziwa bwino, jekete lake linachokera komweko.

Zondwayo anatsanzika kuti akadye kaye. "Ndibweraso, adumbu," anauza Lyness, kumutchula mlongo m'Chitumbuka. Lyness anapita kuseri kukatenthetsa madzi osamba a mlendo.

Keith anatsala ndi laputopu.

Tsamba la laibulale linali litadzitseka lokha chifukwa chokhala osaligwira. Pamwamba nambala ya Lyness ya kukoleji. Pansi kabokosi kopanda kanthu, kofuna pasiwedi.

Ku Blantyre mapasiwedi onse a Lyness anali dzina la Keith ndi chaka chake chobadwa. Foni, imelo, zonse. Anachita kumuuza yekha, akuseka, tsiku lina ali ku Limbe. Keith sankafuna kuwerenga za ana a sitandade wani. Ankangofuna adziwe ngati akadali m'kabokosimo.

Analemba dzina lake ndi chaka. Mawu ofiira. Yalakwika.

Anayesa dzina la chibwana limene Lyness ankamuitana nalo ali awiri. Ofiira. Pansi pake panabwera chenjezo lakuti watsala ndi mwayi umodzi. Analiona. Kuseri chidebe chinalira.

Zala zinapita zokha. Z, o, n, d. Anamaliza dzina lonse. Anadina.

Ofiira.

Keith anapuma. Anamwetulira koyamba chitsikireni panjinga. Si iyeyo. Kenako anawerenga bwinobwino zimene zinalembedwa. Akaunti yatsekedwa.

"Madzi ako apsa," anatero Lyness, akupukuta manja pachitenje. Anayang'ana laputopu. Anayang'ana Keith. "Watani?"

"Ndimangoona."

"Umaona chiyani, Keith?"

"Ingowaimbira mawa. Atsegula."

"Satsegula pafoni! Anthu ankagulitsana mapasiwedi, ndiye analetsa. Ukatsekeredwa umapita wekha ku laibulale ndi chiphaso chako. Ku Mzuzu, Keith. Lero ndi Lachitatu." Anakhala pansi pa sitepe. "Unalemba chiyani?"

"Dzina langa."

"Katatu konse?"

Keith anayang'ana kumsewu.

"Kachitatu unalemba ndani?"

Lyness anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu.

"Teremu iliyonse amatikakamiza kusintha. Ndipo makina ake salola dzina la munthu, ngakhale la mayi ako okubereka. Ukanangondifunsa."

"Ndiye pano ndi chiyani?"

"Ukufunsabe?"

Tochi inatulukira panjira. Zondwayo. Anamva nkhani yonse ataima, manja kumbuyo, ngati pa asembule. Lyness sanatchule amene walakwitsa. Zondwayo sanafunse. Chimenecho chinamuwawa Keith kuposa kutukwanidwa.

"Tigwiritse ntchito yanga," anatero Zondwayo.

"Zonse zimene ndinasankha mwezi wathunthu ndinasunga mu akaunti yanga," anatero Lyness. "Kuyambiranso sindingathe."

"Mbwenu mawa m'mamawa. Ndikutengani panjinga yanga mpaka ku Boma, mukapeze minibasi yoyamba. Kapena tingopitira limodzi. Ndili ndi mabuku oti ndikabweze."

"Ndimuperekeza ine," anatero Keith.

"Pa chiyani, alamu? Akabaza kuno amadzuka dzuwa litakwera. Ndipo njinga yanga ndi yaing'ono, atatu siyinyamula."

Keith anagona pamphasa pabalaza. Madzi aja anazizira m'chidebe.

Kusanache bwino, njinga inalira panja. Kunali chisanu cha ku Mzimba, cholowa m'mafupa. Lyness anatuluka atavala juzi, laputopu m'chikwama kumsana, chiphaso cha koleji chili lende pakhosi.

"Kiyi ukasiye kwa a hedi," anatero. "Ngati ukupita."

"Ngati ndikudikira?"

"Ukasiyebe kwa a hedi."

Anakwera. Msewu unali wa mabampu, ndiye anagwira Zondwayo m'chiuno ndi manja onse awiri.

"Khalani makola, alamu!" anakuwa Zondwayo.

Keith anaima pakhonde paja, pamene netiweki inkagwira. Foni yake inaonetsa timizere tonse. Anayang'ana kanyali kofiira ka njinga mpaka fumbi linakameza. Kenako anakoleka chikwama paphewa, n'kufunsa mayi wina amene ankasesa panja njira ya kunyumba ya a hedi.